Musagwire Ntchito Ziwiri Pafupi ndi Magetsi

Alimi anzathu, kuyambira mwezi wa Febuluwale kufikira pamene misika ya fodya ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ili mkati, ntchito ya pa munda imachuluka kuposa manja. Fodya wina ali m'chigafa, wina akusankhidwa m'shedi, wina akudindidwa pa jeke, ndipo chimanga nacho chikudikira kumunda. Munthu mmodzi amafunidwa malo atatu nthawi imodzi. M'nyengo yotereyi n'kofunika kukumbutsana za magetsi, pakuti minda yambiri tsopano ili ndi mababu m'shedi, chigayo, pampu ya madzi, kapena nthambo za ESCOM zodutsa pamwamba pa mizere.

Ntchito zambiri za pa munda zimalola kuphatikiza. Mayi akhoza kusoka fodya akucheza ndi anzake. Wosankha fodya akhoza kumvera wailesi, ndipo akaponya tsamba pa mulu wolakwika, alitola n'kulibwezera pamalo pake. Ntchito ya pafupi ndi magetsi siili choncho. Kulakwa kwake sikubwezeka. Motero lamulo lake ndi ili: pafupi ndi magetsi, munthu agwire ntchito imodzi, aimalize, ndipo pokhapo ayambe ina.

Zimene magetsi amachita m'thupi la munthu

Magetsi amene amalowa m'nyumba ndi m'mashedi kuno ku Malawi ndi a mavoliti 230. Amene amayendetsa mamota akuluakulu a chigayo ndi a mavoliti 400. Nthambo zimene zimayenda pa mapolo kukafika pa thiransifoma ndi za mavoliti 11,000 kapena 33,000. Voliti ndiwo muyeso wa mphamvu yokankha magetsi, monga momwe thanki yoikidwa pamwamba imakankhira madzi m'paipi. Koma chimene chimapha munthu ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa m'thupi mwake. Kuchuluka kumeneku kumayezedwa m'maampu, ndipo ampu imodzi ikagawidwa magawo 1,000, gawo limodzi limatchedwa miliampu.

Munthu amayamba kumva nyesi pa miliampu imodzi yokha. Akafika mamiliampu 10 mpaka 20, minofu ya m'dzanja imakungika yokha, zala zimafumbata waya, ndipo munthuyo sangathe kutaya ngakhale atafuna. Akadutsa pachifuwa mamiliampu 50 mpaka 100, mtima ukhoza kusokonezeka. M'malo mopopa magazi umangonjenjemera. Tsono taonani: babu lakale lija la mawati 60 limakoka mamiliampu oposa 250. Ndiye kuti magetsi oyatsa babu limodzi ndi okwanira kupha bambo wamphamvu, n'kutsalako.

Khungu louma limatchingako magetsi. Koma khungu lonyowa ndi thukuta kapena madzi silitchinga kwenikweni, makamaka ngati munthuyo waponda pansi ponyowa opanda nsapato. Munthu wotere akakhudza waya wa mavoliti 230, m'thupi mwake mukhoza kudutsa mamiliampu 200 kapena kuposapo.

Ena amakhulupirira kuti fyuzi idzawapulumutsa. Fyuzi ya m'pulagi kawirikawiri ndi ya maampu 13, ndiye kuti mamiliampu 13,000. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse, osati kuteteza munthu. Chimene chimateteza munthu ndi kachipangizo kotchedwa RCD, kamene amisiri ena amati earth leakage. Kameneka kamadula magetsi msangamsanga kakangomva kuti mamiliampu 30 athawira kwina. Shedi iliyonse ndi pampu iliyonse iyenera kukhala nako. Kali ndi batani loyesera. Lidinizeni miyezi itatu iliyonse kuti muone ngati kakugwira ntchito.

Mutu wa munthu umasunga chinthu chimodzi

Njoka imaoneka ndi maso. Moto umamveka kutentha ndipo utsi wake umanunkha. Koma waya wamoyo ndi waya wozimitsidwa amaoneka chimodzimodzi. Alibe fungo, alibe phokoso. Chimene chimauza munthu kuti apa n'pabwino kugwira ndi chikumbumtima chake chokha, chimene chimati, "Ndazimitsa." Apa ndi pamene pagona ngozi ya kuphatikiza ntchito.

Akatswiri ofufuza za kaganizidwe ka munthu adapeza kale kuti ubongo sungathe kutsata zinthu ziwiri zofuna kuganiza pa nthawi imodzi. Umangodumphadumpha, uku pang'ono, uku pang'ono, ndipo pakudumpha kulikonse kanthu kena kamatayika. Nonse mukuzidziwa zimenezi. Mukamawerenga ndalama za fodya, wina n'kukufunsani kanthu, mumayambiranso kuwerenga. Pa ndalama mumazindikira kuti mwasokonezeka. Pa magetsi palibe chokudziwitsani.

Mutu wogawanika umalakwa m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi kusokoneza chimene munthu amafuna kuchita ndi chimene wachitadi. Adaganiza zozimitsa swichi, wina adamuitana, ndipo pobwera mtima wake ukumuuza kuti adazimitsa kale. Njira yachiwiri ndi ya chizolowezi: maganizo akakhala kwina, dzanja limachita lokha zimene lidazolowera, monga kuyatsa swichi polowa m'shedi pamene mnzake ali pamakwerero kukonza babu. Njira yachitatu ndi ya maso: munthu amapenya koma osaona. Nthambo imene wadutsa pansi pake zaka zambiri imasowa m'maso mwake akamalankhula pa foni.

Kutopa kumawonjezera zonsezi. Amene mumawotcha fodya m'mabalani mukudziwa kuti moto umafuna kusonkhezedwa usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu. Munthu amene wachezera pa balani asatumidwe m'mawa kukakonza pampu. Chimodzimodzinso munthu amene walawa mowa, ngakhale pang'ono. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Magetsi akathima

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuyambira chaka cha 2017, kampani ya EGENCO ndiyo imawapanga, ndipo ESCOM imawatenga n'kuwagawa kwa anthu. Tsiku lina lililonse, makina akavuta kapena madzi akachepa, magetsi amathima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo a ku Kapichira, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankathima maola ochuluka. Kuthimathima kotereku kudaphunzitsa anthu chizolowezi choipa, chomati magetsi akathima ndiyo nthawi yabwino yokonza makina. Koma magetsi pobwerera saodira.

Tiyerekeze motere. Chigayo cha pa esiteti chaima chifukwa magetsi athima. Mnyamata wa pachigayo waganiza zosintha sefa ndi kukunga lamba. Akupita kukazimitsa swichi yaikulu, kapitao wamuitana kuti athandize kutsitsa fodya pa ngolo mvula isanagwe. Pobwera, chigayo chili zii, babu lili lothima, ndipo iye akulowetsa manja. Chilichonse chimene akuona chikumuuza kuti palibe magetsi. Mamota ena ali ndi sitata imene siidzuka yokha magetsi akabwerera, koma ena, makamaka olumikizidwa mwachidule, amadzuka pomwepo. Ndipo ngakhale mota isadzuke, mawaya a m'bokosi la swichi amakhala amoyo nthawi yomweyo.

Dziwani tsono kuti kuthima kwa magetsi si kuzimitsa. Makina ndi ozimitsidwa pokhapokha inu mwini mwawazimitsa ndi dzanja lanu.

Pansi pa nthambo za pa mapolo

Nthambo za mavoliti 11,000 ndi 33,000 zilibe chokutira. Magetsi ake amatha kudumpha mumpweya chitsulo chikayandikira kwambiri, ngakhale chisanakhudze. Ena amafunsa kuti nanga mbalame zimatera bwanji pa nthambo osafa. Mbalame imagwira nthambo imodzi yokha ndipo siikhudza pansi, choncho magetsi alibe njira yodutsira m'thupi mwake. Munthu wonyamula paipi waponda pansi, ndipo iye mwini ndiye amasanduka njira.

Mapaipi othirira a aluminiyamu ambiri ndi otalika mamita 6 kapena 9. Munthu akaimika paipi yotere kuti akhutule mchenga kapena mbewa imene yalowamo, maso ake amakhala pansi pomwe pakugwera mchengawo, pamene nsonga ina yafika kale pa nthambo. Zoterezi zimachitikanso ndi malata, makwerero achitsulo, ndi mitengo yaiwisi ya bulugamu yomangira zigafa, pakuti mtengo wauwisi uli ndi madzi ndipo umadutsitsa magetsi. Palinso amene amakwera pamwamba pa mabelo pa lole kukamanga tenti. Maganizo awo amakhala pa chingwe ndi pa kufuulirana ndi ali pansi, osati pa zimene zili pamwamba pa mutu wawo. Kumbukiraninso kuti nthambo zimalendewera kwambiri dzuwa likatentha.

Zinthu zazitali zinyamulidwe chogona, ndi anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Musaimike kanthu musanayang'ane kumwamba. Chilichonse chimene mwanyamula chitalikirane ndi nthambo mamita osachepera 3. Ngati ntchito ikukakamizani kudutsa pansi pa nthambo ndi katundu wamtali, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'anira basi. Asanyamule kanthu ndipo asayankhe foni. Musamange chigafa, musaunjike mabelo, ndipo musapakire lole pansi pa nthambo.

Pa pampu ndi pa nazale

Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, nazale imafuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo madimba nawo amathiriridwa. Apa madzi ndi magetsi zimakumana. Munthu wothirira amakhala ndi manja onyowa, mapazi ali m'matope. Akafuna kufulumira, dzanja lina limagwira paipi yachitsulo, lina likuyatsa swichi. Ngati pampuyo ili ndi vuto, magetsi amalowera dzanja lina n'kutulukira linalo, ndipo njira yake imadutsa pa mtima penipeni.

Siyani paipi kaye. Pukutani manja, valani majombo, imani pouma, ndipo gwirani swichi ndi dzanja limodzi. Mayi amene wabereka mwana asayatse kapena kusuntha pampu. Amutsitse kaye mwanayo n'kumusiya ndi munthu wina patali. Musasunthe pampu ikulira, ndipo musaikoke ndi waya wake. Waya wolumikiza ndi majumbo kapena mphira wa njinga, wogona m'madzi, achotsedwe lero lomwe. Pampu kapena mota ikayamba kugwira nyesi ngakhale pang'ono, imeneyo ndi chenjezo. Izimitseni ndipo isagwirenso ntchito mpaka mmisiri aione.

Jenereta ndi sola

Minda ina tsopano ili ndi magwero awiri kapena atatu a magetsi: a ESCOM, a jenereta, ndi a sola. Munthu wotanganidwa amazimitsa gwero limodzi n'kuiwala linalo. Jenereta isalumikizidwe ku mawaya a nyumba kapena shedi popanda swichi yosinthira yoikidwa ndi mmisiri. Popanda swichi imeneyi, magetsi a jenereta amabwerera m'nthambo, thiransifoma imawakweza kufika mavoliti zikwizikwi, ndipo akhoza kupha wantchito wa ESCOM amene ali pa pholo kutali ndi munda wanu. Musathire petulo jenereta ikulira, ndipo musailize m'chipinda chotseka, pakuti utsi wake umapha.

Mapanelo a sola sazimitsika dzuwa likuwala. Mapanelo angapo olumikizidwa motsatizana, monga a mapampu akuluakulu, amatha kutulutsa mavoliti mazana angapo. Kuzimitsa pampu sikuchotsa magetsi m'mawaya ochokera ku mapanelo.

Njira yoyenera kutsata

Mlimi akhoza kusintha babu, kusintha sefa kapena lamba wa chigayo, ndi kuyeretsa pampu. Kulumikiza mawaya ndi kutsekula mabokosi a magetsi ndi ntchito ya mmisiri amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Mita, thiransifoma ndi mapolo ndi za ESCOM yokha. Pa ntchito zimene muli ololedwa kugwira, tsatani izi:

1. Pasankhidwe munthu mmodzi woti agwire ntchitoyo, ndipo anzake onse auzidwe.

2. Munthuyo asiye foni kunja, azimitse wailesi, ndipo achotse wotchi yachitsulo ndi mphete.

3. Azimitse makinawo, kenaka azimitse pa swichi yaikulu kapena azule pulagi. Ngati pali jenereta kapena sola, azimitsenso kumeneko. Achite zimenezi ngakhale magetsi ali othima.

4. Akhome loko pa bokosi la swichi, kiyi aike m'thumba mwake, ndipo apachike chikwangwani cholembedwa kuti: MUSAYATSE, MUNTHU ALI PA NTCHITO. Kiyi ameneyu ndiye amakumbukira m'malo mwa mutu. Ali m'thumba, mwazimitsa; mulibe, simunazimitse.

5. Adinize batani loyatsira kuti aone ngati makinawo afadi. Ngati ali ndi tesita, ayambe waiyesa pa soketi yamoyo kuti atsimikize kuti ikugwira ntchito.

6. Adikire mphindi zingapo kuti zozungulira ziime. Mamota ena ali ndi kachitini kotchedwa kapasita kamene kamasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, musakakhudze.

7. Akasokonezedwa ndi chilichonse, kaya mlendo, kaya mvula, kaya kuitanidwa, pobwera ayambirenso pa nambala 3. Asadalire chikumbumtima.

8. Akamaliza, awerenge zipangizo zake, abwezere zotchinga zonse, afuule kuti anthu atalikire, ndipo iye yemweyo ndiye achotse loko n'kuyatsa.

Mawu kwa eni minda ndi akapitao

Kawirikawiri wantchito saphatikiza ntchito mwakufuna kwake. Amatero chifukwa wamkulu wamuitana ndipo akuopa kuoneka wamwano. Choncho udindo waukulu uli pa inu amene mumagawa ntchito. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, lidaika pa olemba anthu ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito ndi otetezeka. Gulani maloko ndi majombo. Itanani mmisiri ayendere mawaya a m'shedi nyengo yosankha fodya isanayambe. Mukaona chikwangwani chapachikidwa, musamuitane munthuyo, tumani wina.

Inunso amene mumalima pa maesiteti, musachite manyazi. Kapitao akakuitanani muli mkati mokonza makina, yankhani mwaulemu kuti, "Pepani akapitao, ndiloleni ndimalize kaye kuno, ndibwera." Kapitao wanzeru sangakwiye ndi yankho lotere. Ndipo mnzanu akakhala pa ntchito ya magetsi, moni adikire. Ana asasewere pafupi ndi chigayo, pampu kapena thiransifoma.

Ngozi ikachitika

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamukhudze ndi manja, chifukwa inunso mugwidwa. Thamangirani ku swichi yaikulu n'kuzimitsa. Ngati swichi ili kutali ndipo magetsiwo ndi a m'nyumba kapena m'shedi, imani pa thabwa louma n'kumukankha ndi mtengo wouma kapena chinthu cha pulasitiki.

Ngati ndi nthambo za pa mapolo, mtengo wouma suthandiza. Talikirani mamita osachepera 10, letsani anthu ndi ziweto kuyandikira, ndipo dziwitsani a ESCOM msanga. Nthambo yogwa pansi imafalitsa magetsi m'nthaka mozungulira, ndipo ikhoza kukhala yamoyo ngakhale ili chete. Lole kapena thirakitala ikakhudza nthambo, woyendetsa akhale momwemo. Atuluke pokhapokha moto wabuka, ndipo adumphe miyendo ili pamodzi, osagwira galimoto ndi nthaka nthawi imodzi, kenaka achoke mokhwekhwereza mapazi pang'onopang'ono.

Munthu akachotsedwa pa magetsi, onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani manja anu awiri pakati pa chifuwa chake, ndipo dinizani mwamphamvu kuti chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi. Amene adaphunzira amuuzire mpweya m'kamwa kawiri akadiniza ka 30. Musaleke mpaka ayambe kupuma kapena achipatala amulandire. Ubongo umayamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6 wopanda mpweya, choncho wina athamangire galimoto pamene wina akudiniza.

Pamene papsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka phimbani ndi nsalu yoyera. Musapakepo mafuta, mazira kapena mankhwala otsukira mano. Aliyense amene wagwidwa ndi magetsi kwambiri apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa magetsi amaotcha mkati mwa thupi ndipo mtima ukhoza kuvuta pambuyo pake. Moto woyamba ndi magetsi musauthire madzi musanazimitse swichi, thirani mchenga. Fodya wouma sachedwa kuyaka, motero m'shedi iliyonse mukhale ndowa za mchenga pafupi ndi khomo.

Alimi anzathu, kuzimitsa swichi, kukhoma loko ndi kuyesa makina sikutenga mphindi zisanu. Belo limene lachedwa lero lidzapita ku okushoni ndi lole yotsatira, koma banja limene lataya wolima silipezanso wina. Werengani malangizowa pamodzi ndi antchito anu onse, ndipo muwawerengere amene sadziwa kuwerenga. Ngati pali chimene simunamvetse, funsani mlangizi wa m'dera lanu akadzayendera munda wanu.